Mbiri ya Baibulo m'Chichewa ndi Anthu Amene Adaliwerenga

Makolo athu adamudziwa Mulungu buku lisanafike. Nkhani ya Baibulo ikafotokozedwa mothamanga imamveka ngati dzina la Mulungu lidatsika m'sitima pamodzi ndi mabokosi a azungu, pamene Amaravi anali atamutchula kale kuti Chauta, Namalenga, Mphambe, Chisumphi, Leza ndi Mulungu. Ankasimba kuti anthu oyamba adatsika kumwamba n'kuponda pathanthwe la Kaphirintiwa likadali lofewa, mapazi awo n'kudindika pomwepo. Mvula ikakanika, a kuchigawo chapakati ankapita ku Msinja kwa Makewana, pomwe Amang'anja a kuchigwa cha Shire ankatumiza nsalu yakuda ku Khulubvi kwa Mbona. Mapemphero analipo, nsembe za ufa ndi mowa pakachisi zinalipo, ndipo munthu ankadziwa kuti kuipa kuli ndi mlandu. Zonsezi zinkasungidwa pakamwa ndi m'makutu: agogo kwa adzukulu, namkungwi kwa anamwali, mfumu kwa anthu ake pabwalo. Chimene kudalibe ndi zilembo.

Mawu a chiyankhulo chathu adayamba kulembedwa mwadongosolo kutali ndi kwathu, ndipo amene adawafikitsa kumeneko anali kapolo. Cha m'ma 1853, ku Kisulutini pafupi ndi Mombasa, mmishonale wa ku Germany dzina lake Johannes Rebmann adamva munthu wina akuyankhula chiyankhulo chimene iye sadachimvepo. Munthuyo anali Salimini wa ku Mphande, m'dera la Lilongwe, yemwe adagwidwa, kuwoloketsedwa nyanja, n'kukagulitsidwa kugombe la nyanja ya mchere. Rebmann adakhala naye pansi miyezi yambiri akumufunsa liwu ndi liwu, ndipo zimene adalemba zidasindikizidwa mu 1877, iye atamwalira kale, monga dikishonale ya chiyankhulo chimene adachitcha Kiniassa. Bukulo silinali Baibulo, koma mmene lidalembedwera ndi mmene ntchito yonse idadzayendera zaka zambiri zotsatira: mlendo ali ndi cholembera, mwini chiyankhulo ali pambali pake akupereka mawu, ndipo pachikuto n'kulembedwa dzina la wogwira cholembera yekha.

Mu 1859 David Livingstone adakwera mtsinje wa Shire n'kufika panyanja. Patapita zaka ziwiri adaperekeza Bishopu Charles Mackenzie ndi gulu la UMCA, mishoni ya mpingo wa Anglican, kukwera kumapiri. Pamudzi wa Mbame adakumana ndi mdipiti wa akapolo ali m'magoli, ndipo adawamasula. Omasulidwawo ndiwo adakhala anthu oyamba a mishoni ya ku Magomero, m'dziko la mfumu Chigunda. Amishonale adayamba kutola mawu a Chimang'anja m'makope awo, koma nthawi inali yoipa. Kunali nkhondo za Ayao ndi Amang'anja, kunali malungo, kenako chilala ndi njala yoopsa ya 1862 ndi 1863. Mackenzie adamwalira mu Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, anzake ena adamutsatira, otsala adatsikira kwa Chibisa, ndipo pamapeto pake mishoni idasamukira ku Zanzibar. Ena mwa ana omasulidwa aja adatengedwa kupita ku Cape Town. Mmodzi wa iwo, Tom Bokwito, adadzabwerera kwawo patapita zaka zoposa 10, ali womasulira ndi wolondolera njira.

Livingstone atamwalira mu 1873, mipingo ya ku Scotland idadzidzimuka. Mu Okutobala 1875 kasitima kotchedwa Ilala, kamene anthu mazanamazana adakasenza zidutswazidutswa polambalala mathithi a Shire, kadalowa m'nyanja, ndipo mishoni ya Livingstonia idamanga pa Cape Maclear, m'dziko la Mponda. M'gululo munali Dr Robert Laws, ndipo chaka chotsatira kudabwera alaliki achikuda ochokera ku Lovedale, mmodzi wa iwo William Koyi. Malowo anali a malungo, moti m'zaka zoyambazo manda a amishonale adachuluka kuposa anthu obatizidwa. Woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, adalandira ubatizo mu 1881, chaka chomwe mishoni idasamukira ku Bandawe. Komabe ndi pa Cape Maclear pomwe Laws adayambira kumasulira Uthenga Wabwino wa Marko m'Chinyanja, ndipo pofika 1886 Chipangano Chatsopano chonse chinali chitasindikizidwa. Chinali Chinyanja cha munthu wongophunzira kumene, chopunthwa apa ndi apo. Koma msodzi wodziwa mwera sadasowe womufotokozera za mantha a ophunzira m'ngalawa pamene namondwe adawagwera Yesu ali m'tulo, ndipo tsopano nkhaniyo ankaimva m'mawu omwe amake adamulerera nawo.

Kumapiri a Shire, Henry Henderson ndi Bokwito uja adasankha malo pafupi ndi Ndirande, kwa mfumu Kapeni, ndipo mu 1876 mishoni ya Blantyre idayamba. Zaka zake zoyamba zidathera m'manyazi. Amishonale ena adadzisandutsa oweruza, kumakwapula anthu mpaka imfa kuchitika, ndipo mpingo wa kwawo udawachotsa. Amene adabwera kudzakonza zinthu mu 1881 anali David Clement Scott. Ambiri amamukumbukira chifukwa cha tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene adamanga ndi amisiri achikuda pakati pa 1888 ndi 1891, chikhalirecho sadaphunzirepo za zomangamanga. Ine ndimaona kuti ntchito yake yaikulu inali yomvetsera. Ankakhala pabwalo kumva milandu, ankatola miyambi, nthano, mayina a mitengo ndi a magule, ndipo dikishonale yake ya Chimang'anja ya 1892 akatswiri akutapamobe mpaka lero. Iye ankakhulupirira kuti Chimang'anja n'chokwanira kunyamula zonse zimene Chigiriki ndi Chihebri zidanyamula, maganizo amene azungu ambiri a nthawiyo ankawanyoza. Adadalira anthu ngati Joseph Bismarck, ndipo adaika madikoni achikuda monga Harry Kambwiri Matecheta, John Gray Kufa ndi Mungo Chisuse n'kuwapatsa udindo weniweni. Chisuse adakaphunzira zosindikiza ku Scotland n'kudzayendetsa makina a mishoni, momwe munkatuluka mabuku a sukulu, a nyimbo ndi nyuzipepala ya Chimang'anja yotchedwa Kalilole. Mauthenga Abwino amene Scott adamasulira adadutsa m'makutu ndi m'manja mwa anthu oterewa.

A UMCA nawo adabwerera, ulendo uno kudzera kum'mawa, nakhazikika pachilumba cha Likoma mu 1885. Kumeneko kunali William Percival Johnson, wansembe amene matenda adamuwononga maso mpaka kutsala ndi diso limodzi loona mwachimbuuzi. Munthu ameneyu adatha zaka zoposa 40 akuyendera midzi ya m'mbali mwa nyanja, kwambiri pa sitima za mishoni za Charles Janson ndi Chauncy Maples, uku akumasulira Malembo m'Chinyanja cha ku Likoma ndi cha kugombe la kum'mawa. Baibulo lonse lidatuluka mu 1912. Ulemu wa Baibulo lathunthu loyamba m'Chinyanja ndi wa ku Likoma, ngakhale bukulo silidafalikire kumtunda chifukwa kayankhulidwe kake kanali ka kunyanja.

Pakatikati pa Achewa uthenga udalowa ndi mpingo wa Dutch Reformed wa ku Cape. Mu 1889 A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok adamanga pa Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere ya Angoni. Kudatsatira Kongwe mu 1894, Nkhoma mu 1896 kwa Mazengera, kenako Mlanda, Mphunzi ndi malo ena, ndipo anzawo a ku Orange Free State adatsegula Magwero pafupi ndi Chipata mu 1899. Njira yawo inali sukulu za m'midzi. Kasukulu kaudzu, mitengo yogoneka pansi m'malo mwa mipando, tchati cha zilembo pakhoma, masileti ochepa olandirana, ndi mphunzitsi amene iye mwini adangophunzira zaka zowerengeka. Mphunzitsi yemweyo ndiye ankaitana anthu kumapemphero m'mamawa, ndiyenso ankalalika Lamulungu. Cholinga sichinali chobisika: munthu adziwe kuwerenga kuti adziwerengere yekha Mawu. Wofuna ubatizo ankalowa kalasi n'kukhalamo zaka, ndipo wachinyamata ankayembekezeka kudziwa kuwerenga asanabatizidwe. Si midzi yonse imene idalandira ndi manja awiri. Eni dambwe ankaona kuti sukulu ikuwalanda anyamata, aphunzitsi nawo ankaletsa akhristu kuyandikira gule, ndipo mkangano umenewo udagawa mabanja kwa zaka zambiri. Enanso adadandaula kuti maphunzirowo anali osaya, osapatsa mwana Chingerezi choti apezere ntchito yabwino, ndipo dandaulo lawolo linali ndi choonadi chake. Ngakhale zinali choncho, m'tisukulu timeneti anthu zikwizikwi amene makolo awo sadaonepo chilembo adayamba kuwerenga, amayi ndi atsikana omwe.

Pofika 1900 vuto lidaonekera poyera. Panali Chinyanja cha Laws, Chimang'anja cha Scott, Chinyanja cha ku Likoma ndi Chichewa cha ku Mvera, ndipo mishoni zina, monga Zambezi Industrial Mission imene adayambitsa Joseph Booth, zinali zitafikanso. Anthu ankayenda kukafuna ndalama ya msonkho, ndipo mkhristu wa ku Dowa akafika kuminda ya azungu ku Blantyre ankapeza buku lomwe lija likunena mwina. Chaka chimenecho nthumwi za mishoni zidakumana ku Fort Johnston, kumene lero ndi Mangochi, n'kugwirizana zopanga Baibulo limodzi loti Mmang'anja wa ku Chikwawa ndi Mchewa wa ku Kasungu onse alimve. Wapampando anali Alexander Hetherwick, amene adalowa m'malo mwa Scott ku Blantyre, koma mtolo waukulu udagwera William Hoppe Murray wa ku Mvera, yemwe adafika m'dziko muno mu 1894. A ku Likoma adapitiriza ndi lawo.

Chipangano Chatsopano chidatha zaka 10 zisanakwane. Chakale ndicho chidadya nthawi. Murray adadzipatula paphiri la Kaso pafupi ndi Mvera, ndipo pantchitoyi adagwirizana ndi aphunzitsi Jonathan Sande, Wilibes Chikuse, Ishmael Mwale ndi Thomas Maseya. Mayina amenewa ayenera kutchulidwa mokweza m'mipingo mwathu. Murray ankadziwa Chihebri ndi Chigiriki, koma payekha sakadazindikira ngati chiganizo chikumveka choyankhula munthu kapena cholumikiza mlendo. Anali iwowa amene ankamva ndime ikuwerengedwa n'kupukusa mutu, kapena kuvomera. Ankamasulira nkhani za dziko la ngamira, tirigu ndi minda ya mpesa kuti azimve anthu a mapira, chimanga ndi mbuzi. Komatu m'mbali zambiri Chipangano Chakale chinali pafupi ndi mudzi wa Achewa kuposa mzinda wa Edinburgh. Nsembe, chilala, dzombe, mitala, kusabereka, maliro, mafumu ndi milandu ya pachipata zonsezi anthu ankazidziwa m'thupi mwawo. Nkhani ya Yosefe, wogulitsidwa ndi abale ake kwa amalonda apaulendo, idadzawerengedwa ndi anthu amene abale awo adatsikira ku Nkhotakota kwa Jumbe osabwereranso. Nkhani ya Rute ndi Boazi idafika kwa anthu odziwa chokolo. Masalimo olira mvula ndi chipulumutso adapeza anthu amene makolo awo ankalira chimodzimodzi ku Msinja.

Ntchito ili mkati, dziko lidagwedezeka. John Chilembwe, amene adabatizidwa ndi Booth n'kukaphunzira ku Lynchburg ku America, adabwerera mu 1900 n'kuyambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Akhristu ake ambiri ankakhala pa esiteti ya A.L. Bruce ku Magomero, pomwe paja Mackenzie adasungira akapolo omasulidwa, koma tsopano anthu ankalira ndi thangata, matchalitchi awo audzu akutenthedwa. Nkhondo ya 1914 itayamba, Chilembwe adalemba kalata yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza. Pa 23 Januwale 1915 adaukira, ndipo kumayambiriro kwa Febuluwale adaphedwa. John Gray Kufa, dikoni wa Scott uja, anali mmodzi wa amene boma lidawapha pambuyo pake. Pakafukufuku amene adatsatira, atsamunda ambiri adaloza chala mishoni, nati n'kulakwa kusiya munthu wakuda ndi sukulu ndi Baibulo popanda mzungu womuyang'anira. Hetherwick adaima n'kutsutsa zimenezo molimba mtima. Atsamundawo, m'mantha awo, adaona chinthu chenicheni: munthu amene wadziwerengera yekha za Mose pamaso pa Farao, kapena za Amosi akudzudzula opondereza amphawi, amayamba kufunsa mafunso amene womuphunzitsa sadakonzekere. Nkhondo yomweyo idakokolola amuna ambirimbiri kukakhala amtengatenga, ochuluka osabwerera, ndipo idatenganso Robert Napier, mbusa wachinyamata wa ku Blantyre amene ankathandiza pomasulira, yemwe adaphedwa mu 1918 m'dziko la Apwitikizi.

Mu 1922 buku lonse lidasindikizidwa, pa dzina lakuti Buku Lopatulika ndilo Mau a Mulungu. Lidakonzedwanso mu 1936 ndi mu 1966. Mgwirizano wa pa Baibulo udatsogolera mgwirizano wa mipingo, pakuti mu 1924 Livingstonia ndi Blantyre adapanga CCAP, ndipo Nkhoma idalowamo mu 1926. Chiyankhulo cha bukuli palibe mudzi umene unkachiyankhula ndendende. Chidasakaniza mawu a kumwera ndi a pakati, ndipo chidatsata kwambiri kaimidwe ka ziganizo za Chihebri ndi Chigiriki, moti ndime zina za m'makalata a Paulo zimafuna kuwerenga kawiri kapena katatu. Makope akale ankalemba "c" pamene ife timalemba "ch". Koma mibadwo idaloweza ndime zake, ndipo kulemera kwake komweko kudasanduka chiyankhulo cha pemphero. Mpaka lero mkulu wa mpingo akaimirira kupemphera, mawu ake amasintha, amaleka Chichewa cha pamsika n'kulowa Chichewa cha Buku Lopatulika, ngakhale iye mwini sakudziwa kuti wasintha.

Mbiri yeniyeni ya bukuli, m'kuona kwanga, idayamba litafika m'manja mwa anthu wamba. Nyumba zambiri zinalibe buku lina lililonse kupatula ili ndi la Nyimbo za Mulungu. Linkakulungidwa m'nsalu kuopa chiswe ndi utsi, ndipo pamasamba ake oyamba pankalembedwa masiku obadwa ana ndi omwalira makolo. Madzulo bambo kapena mwana wa sukulu ankawerenga pa koloboyi, ena akumvetsera. Amayi a Chigwirizano ku Nkhoma ndi a Mvano ku Blantyre adalitenga kukhala lawo: pamisonkhano yawo ya mkati mwa sabata ankagawana ndime, mmodzi kuimirira kufotokoza, kenako kunyamuka kukaona odwala, kutunga madzi kwa okalamba ndi kugona pamaliro. Amayi ambiri amene sankaloledwa kukwera paguwa adaphunzira kulalika pamisonkhano imeneyi. Ndipo pamaliro, pamene mudzi wonse umasonkhana, mkhristu ndi wosakhala mkhristu yemwe, Mawu adamveka kwa anthu ochuluka kuposa amene adalowapo m'tchalitchi. Kukula mu uzimu, kwa anthu amenewa, sikunali nkhani ya m'mabuku a zaumulungu. Kunali munthu kuwerenga za kukhululuka n'kupita kukapepesa mlamu wake, mayi wofedwa ana kupeza mu Yobu munthu womumvetsa, mwamuna kusiya kachasu atalimbana ndi ndime imodzi miyezi yambiri. Zoterezi sizidalembedwe m'malipoti a mishoni, koma ndizo zidasunga mpingo.

Bukuli lidayendanso maulendo ataliatali. Amuna opita ku Salisbury, ku Bulawayo, ku migodi ya ku Copperbelt ndi ya ku Joni, ena wapansi, ena ndi Wenela kapena Mthandizi, ankaliika m'katundu wawo. M'makomboni ankasonkhana Lamulungu popanda mbusa, wodziwa kuwerenga n'kutsogolera. Mu 1912 Vlok uja adasamukira ku Salisbury kukatumikira anthu amenewa, ndipo mipingo imeneyo ndiyo idakula n'kudzakhala Sinodi ya Harare. Ku Zambia, mpingo wa Reformed wochokera ku Magwero ndi Madzimoyo udagwiritsa ntchito buku lomweli, chimodzimodzinso akhristu a ku Angonia m'dziko la Mozambique. Motero malire amene atsamunda adadula pakati pa Achewa, bukuli silidawalabadire.

Owerenga adayamba kubala olemba. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, adalemba Nthondo, nkhani ya moyo wa munthu wa kumudzi kuyambira kubadwa mpaka kutembenuka mtima, imene idapambana mpikisano wa olemba a mu Africa mu 1933, ndipo pambuyo pake adalemba Mbiri ya Achewa. Matecheta, amene adadzozedwa ubusa mu 1911 pamodzi ndi Stephen Kundecha, adalemba mbiri ya chiyambi cha mishoni ya Blantyre m'Chinyanja. Zolemba za Chichewa zidamera m'munda umene Baibulo lidalima.

Akatolika adadzera njira ina. Ansembe a White Fathers adayesa kwa Mponda mu 1889 koma adachoka, a Montfort adatsegula Nzama mu 1901, ndipo a White Fathers adabweranso mu 1902 n'kumanga Mua, kenako Likuni ndi Kachebere. Kwa zaka zambiri Misa inali m'Chilatini, ndipo mkhristu wamba ankalandira Malembo kudzera m'katekisimu, m'timabuku ta nkhani za m'Baibulo ndi pakamwa pa mphunzitsi wa mpingo. Bambo Louis Villy adagwira ntchito yomasulira zaka zambiri, ndipo Baibulo lake, Malembo Oyera, lidatuluka mu 1966, chaka chimodzi utatha msonkhano waukulu wa Vatican II umene udalimbikitsa kuti akhristu onse aziwerenga Mawu m'ziyankhulo zawo, ngakhalenso kumasulira pamodzi ndi mipingo ina. M'zaka za m'ma 1970, Bishopu Patrick Kalilombe wa ku Lilongwe adalimbikitsa miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana tosonkhana m'makomo kuwerenga ndime ndi kufunsana kuti ikutanthauzanji pa moyo wawo. Apa Mkatolika wa kumudzi adafika pomwe mayi wa Chigwirizano adafika kale: buku pamiyendo, popanda womuyankhulira.

Dziko litalandira ufulu, msonkhano wa chipani cha Malawi Congress mu 1968 udagamula kuti chiyankhulochi chizitchedwa Chichewa ndi kuti chikhale cha fuko lonse, pomwe ku Zambia ndi ku Mozambique dzina la Chinyanja lidatsala. Zinali zaka zimene munthu ankaopa ngakhale khoma la nyumba yake. A Mboni za Yehova, amene adakana kugula makadi a chipani chifukwa cha mmene ankamvera Malembo, adaletsedwa mu 1967, namenyedwa, kutenthedwa nyumba, ambiri n'kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Kaya munthu amagwirizana ndi chiphunzitso chawo kapena ayi, zimene adakumana nazo n'zomvetsa chisoni, ndipo mipingo ikuluikulu idakhala chete nthawi yaitali. M'zaka zomwezo, m'masukulu a sekondale ndi m'matauni, magulu ngati SCOM ndi mafelosipu a obadwanso mwatsopano adazolowetsa achinyamata kuwerenga Baibulo paokha m'mawa uliwonse. Kenako pa 8 Malichi 1992 kalata ya mabishopu a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, m'Chichewa ndi m'ziyankhulo zina, ikutchula poyera za malipiro ochepa, ziphuphu, kumangidwa popanda mlandu ndi mantha. Boma lidakwiya, nyumba yosindikizira ya ku Balaka idatenthedwa, koma anthu anali atamva kale, ndipo adamva msanga chifukwa chiyankhulo cha kalatayo chinali chija adachizolowera kwa aneneri. Abusa a mipingo ina adaonjezera mawu awo, ndipo mu Juni 1993 Amalawi adasankha ndale za zipani zambiri.

Nthawi yonseyi ntchito ina inkayenda mwakachetechete. Mabungwe a Baibulo a ku Malawi ndi ku Zambia adasonkhanitsa omasulira achikatolika ndi achiprotestanti patebulo limodzi, chinthu chimene agogo awo sakadachilota, pakuti kale mishoni zinkalimbirana midzi ndi masukulu. Tsopano ogwira cholembera anali eni chiyankhulo, ndipo katswiri wochokera kunja, monga Ernst Wendland wa ku seminale ya Lutheran ku Lusaka, anali mlangizi. Cholinga chinali chakuti tanthauzo limveke m'Chichewa chimene anthu amayankhuladi, ndipo zomasulirazo zinkayesedwa poziwerenga mokweza, podziwa kuti ambiri amalandira Mawu ndi khutu. Buku Loyera lidatuluka mu 1998. Mkangano waukulu udabuka pa dzina la Mulungu wa chipangano: pamene Buku Lopatulika lidalemba Yehova, latsopanoli lidalemba Chauta. Ena adakondwa kuti Mulungu wa Abrahamu watchulidwa ndi dzina limene makolo ankaitana pakachisi. Ena adakana ndithu, nati dzinalo likununkha nsembe zakale. Akatolika adalilandira kwambiri, pomwe m'mipingo yambiri ya CCAP ndi ya chipentekoste Buku Lopatulika lidakhalabe paguwa. Ine ndimawamvetsa onse awiri. Mayi amene adaloweza Salimo 23 ali mtsikana n'kuliwerenga pamanda a mwamuna wake sangalole kuti mawu ake asinthidwe, ndipo mnyamata amene wamvetsa kalata ya kwa Aroma koyamba m'Buku Loyera sangabwererenso kukavutika.

Kuchokera pamenepo Mabaibulo achuluka. A Mboni ali ndi lawo la Dziko Latsopano, bungwe la Biblica lidatulutsa Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero, ndipo Buku Lopatulika lidakonzedwa kalembedwe kuti ligwirizane ndi malamulo a masiku ano. Pamapemphero amodzi ku Ndirande kapena ku Kawale mutha kupeza mlaliki akuwerenga m'buku limodzi, mayi wachikulire akutsatira m'lina, ndi mtsikana akuyang'ana pafoni. Amalawi a ku Johannesburg, ku Cape Town ndi ku Britain amatumizirana ndime pa WhatsApp m'mamawa, ndipo mawailesi monga Trans World Radio ndi Radio Maria amawerengera amene ali kumunda kapena m'chipatala. Osaona ali ndi Malembo a zilembo zopapasa.

Mavuto atsopano nawo alipo. Kuli alaliki amene amadula ndime imodzi pakati, n'kuigwiritsa ntchito poopseza anthu kapena powadyera ndalama, ndipo amene amagwa m'manja mwawo kawirikawiri ndi amene sadawerengepo mutu wonse paokha. Ana ambiri a m'tauni amawerenga Chingerezi mosavuta kuposa Chichewa, ndipo mawu ena a m'Buku Lopatulika amachita kufunsa kwa agogo. Kumudzi, mtengo wa Baibulo ukadali wolemera kwa banja lodalira ganyu, ndipo akuluakulu osadziwa kuwerenga akadali ambiri, makamaka amayi. N'chifukwa chake m'madera ena anthu amasonkhana mozungulira kachipangizo koyendera dzuwa komwe mudajambulidwa Chipangano Chatsopano, kumvera mutu umodzi, kukazimitsa, n'kuyamba kukambirana zimene amva.